Ndinakana Chakudya cha Apongozi m'Chijeremani

Anzanga, mukamva kuti munthu wamkulu ndevu pepeya wagwidwa akukombeza mphika kukhitchini kwa eni ake, musamuseke msanga. Kapena sekani basi, poti munthuyo ndi ine, Madalitso wa ku Tyrrelstown uja.

Zonsezi zinayamba chifukwa cha Katrin, chibwenzi changa. Ndi namwino wa ku Germany, tinakumana konkuno ku Dublin kunyumba yosamalira okalamba komwe tonse timagwira ntchito. Makolo ake atanena kuti abwera kudzamuona, ndinati mwayi ndi womwewu, ndipemphe mwana wawo. Vuto linali loti bambo ake Chingelezi amangotolako apa ndi apo, mayi ake ndiye olo liwu limodzi. Katrin anati adzamasulira, koma ine ndi matama anga aja ndinakana. Munthu ungafunsire mbeta, womasulira n'kukhala mbeta yomweyo? Ndinati ndiphunzira Chijeremani.

Ndiye ndinachiphunzira, abale. M'basi, pa buleki, m'bafa, foni ili kukhutu, kukhosi kukupalika ngati ndatsamwidwa ndi munga wa nsomba. Tsiku lina m'basi mayi wina wa ku Zambia anandiyang'ana mwachifundo n'kundipatsa switi. "Tengani brother, flu ya kuno siyoseweretsa." Ndinaloweza ndime yonse yopemphera ukwati, koma mawu amene ankatuluka bwino kuposa onse anali awiri okha, "nein, danke", kutanthauza kuti ayi, zikomo. Amenewo ndiye ndinkawatchula ngati ndinabadwira komweko.

Tsikulo litafika, Katrin anandiimbira m'mawa. "Mada, amayi akuphika chakudya cha pa chikondwerero. Ubwere ndi njala." Ine kumvera, ngakhale tiyi sindinamwe. Ndinavala suti, ulendo wa ku Ongar kufulati kwake.

Popereka moni ndinagwira chigongono, mawondo n'kupinda, maso pansi, mmene anandilerera. Mayi ake a Katrin nawo anayang'ana pansi kuti aone chomwe ndagwetsa. Titakhala patebulo bambo anathira vinyo, aliyense n'kukweza tambula, ndipo Katrin anandiponda phazi.

"Ayang'ane m'maso! Kwathu pogundanitsa matambula timayang'anana."

"Apongozi m'maso? Wapenga?"

Ndinayesa ndithu, koma maso anangofika pamkanda wa m'khosi mwa mayi n'kubwerera okha.

Kenako chakudya chinabwera. Nyama yokulungakulunga yosambira mumsuzi, mbatatesi, kabichi wofiira, fungo lake lokhalo malovu anadzadza m'kamwa. Mayi anaima pambali panga ndi chipande n'kundifunsa ngati andipakulire, ndipo ndinamva funso lonse popanda womasulira!

Tsono mukudziwa inu, kwathu mlendo safunsidwa, timangomubweretsera madzi osamba m'manja. Akakufunsa, munthu wolemekezeka umakana kaye, eni ake n'kukukakamiza, iwe n'kumati, "Chabwino, pang'ono pokha." Anthu a ku Ireland nawo anandizoloweza zomwezo, agogo a kuntchito aja ukakana tiyi amakuumiriza mpaka umwe. Ine ndinkaona ngati ulemu umenewu ndi wa dziko lonse lapansi. Ndinawongola tayi, ndinakonza kukhosi, n'kutulutsa mawu anga okondedwa aja.

"Nein, danke."

Bambo anagwedeza mutu kuyamikira katchulidwe. Mayi anangonyamula mbale yanga n'kukaibwezera m'kabati.

Ndinati palibe vuto, afunsanso. Ndinadikira. Mipeni ndi mafoloko zinayamba kulira. Katrin anandinong'oneza, "Zoona sudya?" Apa ndi pomwe ndikanadzipulumutsa, koma munthu wanena ayi mwaulemu chonchija angatembenuke asanakakamizidwe? Ndinati, "Ndadya kale." Iye, m'malo mondiumiriza, anamasulira! Nkhope ya mayi inagwa. Kabichi ameneyo anachita kubwera naye musutikesi kuchokera kwawo, ndipo mkamwini wadya kale kwina.

Nyama anaphika zidutswa zowerengera, munthu chake munthu chake. Changa chinatsala chokha m'mbale yaikulu, chikundiyang'ana. Bambo anachiloza ndi foloko n'kundiyang'ana ngati akufunsa, ine n'kumwetulira ngati chitsiru, iwo n'kuchibaya. Ndinaonerera chikutha. M'mimba munalira mokweza moti bambo anasuzumira pansi pa tebulo n'kufunsa Katrin ngati anagula galu.

Keke itabwera ndinalumbira kuti akangofunsa, ndivomera asanamalize. Sanafunse. Anthu aja amalemekeza yankho la munthu, mayi anandilumpha bwinobwino n'kundithirira madzi.

Pamenepo ndime yanga ya ukwati inali itayamba kusungunuka m'mutu. Ndinaimirira n'kutolera mbale, ati kuthandiza. Kukhitchini ndinapeza mphika uli ndi msuzi pansi, ndi mbatatesi zingapo zotsala. Ndinati kamodzi kokha. Kamodzi kanabala kachiwiri, jekete ndinavula, mkono wa malaya ndinapinda, dzanja lonse mumphika, msuzi ukutsika patayi. Nditatembenuka, mayi ali chilili pakhomo ndi mbale za keke.

Tinayang'anana m'maso, koyamba tsiku limenelo. Anandifunsa kanthu. Chijeremani chonse cha m'basi chija chinathawa, ndipo tsaya lili tu, mbatatesi ili m'manja, pakamwa panga panatuluka chomwe chinatsala.

"Nein, danke."

Mayi aja anaseka mpaka anakhala pampando, misozi ili chuchuchu. Bambo ndi Katrin anathamangira. Manyazi anandigwira oti ndikanalowa mumphika momwemo, koma ndinafotokoza za ulemu wa kwathu, Katrin akumasulira, ntchito yomwe ndinamukaniza ija. Bambo anamvetsera mwachidwi, anavula magalasi, n'kulankhula pang'onopang'ono. Katrin anamasulira akuluma mlomo kuti asaseke.

"Akuti akudziwa chomwe wavalira suti. Akuti kwawo amafunsa kamodzi kokha, ndiye uganize bwino. Mwana wawoyu ukumufuna?"

"Ja!" ndinakuwa, tizidutswa ta mbatatesi tikuuluka. "Ja, ja, bitte!" Kutanthauza kuti eya, eya, chonde.

Ndime yomwe ndinavutika nayo ija sinamveke mpaka lero. Mayi anandiphikira mazira, anandidulira keke yaikulu, ndipo anaima pomwepo kundiyang'anira mpaka ndinamaliza.

Ukwati uliko chaka chamawa, nonse mwaitanidwa. Chijeremani ndikuphunzirabe, koma mawu awiri aja ndinawasiya mumphika wa ku Ongar. Apongozi akangogwira chipande, ine ndimakhala nditatambasula kale mbale. Ndipo inu mukadzabwera kuukwati, chonde, akakufunsani vomerani, poti mukakana chidutswa chanu adya ndi bambo aja.