Chatini cha a Usauzemunthu

Atelala a pakona sankanena kanthu asanayang'ane uku ndi uku. Ngakhale kukuuza kuti kunja kukugwa mvula, ankakukoka malaya n'kunong'ona: "Yabwera. Koma usauze munthu." Dzina linamera pomwepo, a Usauzemunthu, lenileni n'kutsala pa chiphaso.

Kusoka kwawo kunali kwa apo ndi apo. Thalauza ukapereka m'chilimwe unkalandira m'dzinja, mwendo wina utakula kuposa unzake. Anthu ankapirira chifukwa cha zimene zinkabwadamuka kuseri kwa makina osokera: chatini cha matimati, chofiira moderako, chotsekemera, chokhala ndi kafungo kena kumapeto kwa lilime kamene palibe ankakadziwa dzina. Ukapaka pa buledi unkaiwala za thalauza.

Mwana wa mlongo wawo anabwerako kunja kumene ankaphunzira ali ndi masutikesi awiri komanso lilime lopunthwa. Kwawo anamupatsa dzina loti Mlendo, ndipo tiyi ankamubweretsera pa thileyi ngati munthu wobwera kudzafunsa njira. Sutikesi imodzi sanaimasule n'komwe. Amalume ake okhawo ndi amene anamutenga ngati mwana wa pakhomo: anamuponyera mthiko.

"Iwe Mlendo, kumene unali kuja anthu amatakasa?"

"Kuli makina, amalume."

"Makinawo amamva nkhani? Gwira apa."

Anaphunzira kuviika matimati m'madzi owira kuti khungu lizivuka lokha, kudula anyezi misozi ili chuchuchu, kuthira jinja, viniga, kenako shuga. Zotsalazo kunali kutakasa basi, mpaka phewa kuchita dzanzi. Atatulutsa foni kuti atchere nthawi, amalume anaiyang'ana ngati mphemvu. "Ili ndi mphuno imeneyo?" Iwo ankakhala pa mpando, tepi ili m'khosi, kumasimba za bwana wina wonenepa amene anamuyeza m'chiuno mpaka tepi kutha, n'kukabwereka chingwe choyanikapo zovala. Mlendo ankaseka mpaka mthiko kuima.

"Amalume, zikupserera!"

"Sizikupserera, zikuganiza. Ndiye bwana uja ndinamuuza kuti..."

Tsiku lina anatseka chitseko, kuzimitsa wailesi, kusuzumira pansi pa tebulo, mphaka n'kumupirikitsa.

"Khungu la lalanje," ananong'ona. "Shuga akangosungunuka. Azakhali ako sadziwa. Ana anga sadziwa, manja awo ngogwirira foni. Ndiwe wekha wamagazi anga amene ndakusankha. Usauze munthu."

Madzulo a tsiku limenelo Mlendo anamasula sutikesi yachiwiri ija. Anzake akunja atamuimbira kuti ntchito yapezeka, anawayankha kuti ali ndi zogwira kwawo.

A Usauzemunthu anamwalira monga ankakhalira, osauza munthu. Anawapeza pa mpando, singano ili pa kolala, thalauza la wina lili theka.

Maliro atapita, azakhali, akazi a malemu, anaitana achibale ndi oyandikana nawo kuti adzamwe tiyi. Mlendo anadzuka m'mawa n'kuphika yekha mosamala ngati ali pa mayeso, mthiko osaima, lalanje pa nthawi yake. Anawiritsa botolo, kulidzaza, kulikulunga m'kansalu. Lero onse ondipatsa tiyi pa thileyi adziwa kuti cholowa chili ndi ndani, anatero mumtima.

Atalowa anapeza tebulo lafiira kale ndi mabotolo.

Wometa tsitsi wa tsidya la msewu anaimirira, chipewa pachifuwa. "Abale, malemu anandisiyira chinthu. Sindingachitchule."

"Khalani pansi achimwene," anatero mayi eni nyumba za lendi. "Anasiyira ine. Anatseka chitseko."

"Kwa inenso anatseka!"

"Mphaka anamupirikitsa?"

"Anamupirikitsa!"

Malumbiro anasweka ngati mbale. Wometa anauzidwa kuti chinsinsi ndi tiyi wozizira wopanda mkaka. Mayi a lendi, kutakasira kumanzere kokha, ndipo anakhala akutero mpaka dzanja linapindika. Mwana woyamba wa malemu, uja wa manja ogwirira foni, anavomera motsitsa mawu kuti iye anauzidwa za nthochi yakupsa, komanso kuti ndiye yekha wamagazi awo amene anasankhidwa.

Mlendo anaika botolo lake pakati pa anzake. "Khungu la lalanje," anatero ndi mawu owuma.

"Ha! Lalanje?" wometa anawomba m'manja. "Iwe ndiye anakupusitsa kwambiri."

Azakhali anatenga supuni n'kulawa botolo lililonse, osafulumira. Atamaliza anapukuta pakamwa.

"Zonse zakoma. N'chifukwa chake palibe chofanana ndi chake. Munthu uja analibe chinsinsi, anali ndi phewa lopweteka ndi pakamwa posatopa. Ankafuna womutakasira n'kumamumvera. Nkhani ikakoma, wotakasa ankaiwala poto, pansi n'kupserera pang'ono. Kafungo mukukalimbiranaka n'kameneko. Funsani ine ndinkakwecha sefuliya."

Ena anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Mlendo sanaseke.

"Ndiye ine, azakhali, anangondifunira mkono?"

"Mkono ndi makutu, mwanawe. Enawa nkhani zake anali atazimva zonse. Iwe unabwera watsopano."

"Ndinakana ntchito chifukwa cha khungu la lalanje."

Azakhali anamukankhira thaulo lopukutira mbale. "Akanakuuza kuti khala, ukanakhala? Kapukute makapu."

Anapukuta, koma amalume ake sanawakhululukire. Kunyumba anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati n'kuponyamo zovala. Mawa lake anayesa kupsereza chatini mwadala kuti aone. Anaima pambali manja atapinda, m'khitchini muli zii, mpaka utsi kutuluka. Chinangowawa. Anachitaya ndi poto yemwe.

Sutikesi ija ikadali pa bedi, yotsegula, yodzaza theka. Usiku Mlendo amagona chopindika pambali pake. Pakona paja analowapo wogulitsa zikwama za foni, ndipo msewu wonse sununkhiranso kanthu. Mvula ikayamba imangogwa, popanda wokukoka malaya. Anthu amalandira mathalauza awo pa nthawi yake kwa telala wina, miyendo yofanana, ndipo amabwerako opanda chosimba.

Mlendo akamadutsa pamenepo amafulumira. Koma nthawi zina mapazi amaima okha. Amayang'ana uku, amayang'ana uko, kenako amaweramira chitseko chija n'kunong'ona:

"Abodza inu."