Ba Congratulations a ku Kanyama

Nkhani iyi mkazi wanga anandiletsa kuikamba, ati imachititsa manyazi mpaka ana kusukulu. Koma popeza Kanyama yonse imaikamba kale, ena mpaka kuthirako mchere, bola muimve kwa mwini wake amene anadya manyaziwo.

Ine ndine Tembo, kwathu ndi ku Katete, koma ndimakhala mu komboni ya Kanyama muno mu Lusaka. Ndimabwereketsa matenti ndi mipando ya pulasitiki pa kitchen party, pa ukwati, paliponse pofuna mthunzi. Chaka china bizinesi inagona tulo tofa nato. Matenti anangounjikika kuseri kwa nyumba, makoswe nkutsegulamo sukulu.

Amake Dalitso, mkazi wanga, anandiikira malire.

"Mvula ikayamba vinthu vikali so, matenti tigulitsa. Ba Gift bafuna conductor pa minibus yao."

Ba Gift ndi mlamu wanga. Ine, bambo wa imvi m'ndevu, kulendewera pachitseko nkumaitana anthu opita ku town, mlamu akundikalipira pagalasi? Zimenezo ndinaziopa kuposa imfa.

Website ndinali nayo. Anandipangira ba Chanda, mayi wa ka internet cafe ku Matero. Koma munthu akalemba pa search kuti akufuna tenti mu Lusaka, ine ndinkapezeka kumapeji akutali kumene ngakhale mfiti sizifika. Pamwamba panali anthu a matenti azigamba, oti ndimawadziwa ndi maina. Mtima unkandiwawa.

Tsiku lina ndinaonera video ya mkulu wina wolankhula mothamanga. Ati link iliyonse yoloza ku website yako ili ngati voti, ndipo mavoti akachuluka, ba Search amakukweza pamwamba. Video inali yaitali, bundle inali yaifupi. Ndinazimitsa pakati. Ndinati basi ndamva, kampeni si yachilendo kwa munthu wa mu komboni.

Ndinakonza uthenga umodzi wokoma: "Congratulations! Tsiku lalikulu lifuna tenti yaikulu. Tiitaneni tisangalale pamodzi." Pansi pake ndinaika link yanga. Kuyambira pamenepo ntchito inali copy ndi paste m'ma comment a anthu. Mkwati wavala zoyera, paste. Mwana wamaliza sukulu, paste. Wina wagula galimoto yakale naitcha dalitso, paste. Poyamba ndinkawerenga zimene alemba, koma chala chitazolowera, maso anapita pa leave.

"Kodi muchita chani pa foni zuba yonse?" anafunsa amake Dalitso.

"Nili ku office. Iyi ni marketing, siungamvetse."

M'mawa wina, pa page ya mpingo wathu, ndinaona chithunzi cha mdala wa suti, tayi yofiira, akumwetulira. Maluwa kuzungulira, nkhunda ziwiri pamwamba. Ndinati iyi ndi birthday, ndipo ya banja lodya bwino. Paste.

Foni inalira ndisanamalize tiyi. Anali ba Mulenga, dikoni wa mpingo wathu, Mubemba wa ku Kasama.

"Mbuya, message yanu taiona."

"Eya ba dikoni. Function ni liti?"

"Yayamba kudala. Batata banamwalila mailo."

Kani mdala wa suti uja anali bambo awo, ndipo anamwalira dzulo lake.

Apa mudziwe kuti ife akum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya, ubale wa nthabwala, ndipo timatchulana mbuya. Pamaliro a Mubemba tili ndi ufulu wonyoza, woseka, wothira anthu powder kumutu, ndipo palibe wokwiya. Koma ufuluwo uli ndi katundu wake. Mbuya amagwira ntchito pamaliro, ndipo chimene watulutsa pakamwa sabweza.

"Ba dikoni, ni mistake, sininabelenge."

"Awe mukwai, palibe mistake. Nyumba yonse yaseka. Na bamayo baseka, first time kuchoka mailo. Mwakamba mweka ati tsiku ikulu ifuna tenti ikulu. Manje takuitanani. Tibwela na lorry."

"Ndiye price yake..."

"Mbuya alipilitsa pa malilo? Ndiye mwamene muchitila ku Katete?"

Lorry inabweradi. Inanyamula matenti onse, mipando yonse, ndi ine ndemwe pamwamba pa mipando. Amake Dalitso anaima pakhomo manja m'chiuno.

"Marketing yabala," anatero, nkulowa m'nyumba.

Nditafika pamaliro, nyimbo inaduka pakati. Mayi wina wachikulire anandiloza ndi chikuni.

"Ndiye aba ba Congratulations?"

Mwamwambo ndine ndinayenera kuwathira powder iwowo. Koma tsiku limenelo Abemba anati mwambo udikire kaye. Anandikhazika pa mpando wanga womwe, nkundikhuthulira chitini chonse kumutu. Ndinayera mbee mpaka nsidze. Mafoni anatuluka m'zitenge, aliyense kujambula. Kenako anandipatsa nyundo kuti ndikhome zikhomo za matenti, nditamaliza anandituma kowaza nkhuni.

Komabe mumtima ndinali ndi kachitonthozo. Comment yanga inali itayenda dziko. Anthu ankaiseka, kuyankhapo, kutumizirana. Ndinkati sekani, kuseka kwanu ndi mavoti anga. Mlamu afune conductor wina.

Masana ndinaona ba Chanda atakhala pansi pa tenti yanga. Kani malemu anali amalume awo. Ndinadzikokera pafupi, powder akuthothoka.

"Ba Chanda, manyazi nadya, koma mavoti napeza. Manje nili number one, si so?"

"Mavoti ya chani?"

Ndinawafotokozera za video, za kampeni, za chala changa chimene chinatsala pang'ono kutupa.

"Ma link yonse munaika mu ma comment?"

"Yonse. Palibe ukwati mu Lusaka unanipulumuka."

Anabisa nkhope m'chitenge, mapewa akugwedezeka. Mayi wina wa kwaya anabwera kudzawasisita pamsana, ati limbani mtima, anali munthu wabwino. Atachoka, ba Chanda anapukuta misozi.

"Ba Tembo, ma link ya mu comment ni nofollow."

"Ndiye chinyama bwanji icho?"

"Ni ka chizindikilo kamene bene ba site bamaika pa link. Kauza search ati uyu munthu abwela yeka, sitimuziba, sitimuimilila. Search iona link yanu, koma kambili siipenda monga voti. Voti ya zoona ni pamene site ina yakulembani yeka, chifukwa yakukhulupililani."

"Ndiye vonse vija?"

"Spoiled ballots."

"Olo phindu ing'ono palibe?"

"Iliko. Nthawi zina search ingaganizileko pang'ono. Elo banthu bamatinika link, babwela kuona. Koma ivi bamakamba mu video iliyonse. Simunaisilize?"

"Bundle," ndinayankha motsitsa mawu.

Ba Chanda anabwereranso m'chitenge. Wa kwaya uja anabweranso ndi madzi.

Maliro atatha ndinalemba pa search, mtima uli m'mwamba. Ndinatsegula peji, kutsegula lina, kutsegula linanso. Ndinadzipeza pamalo pomwe paja, pansi pa munthu wogulitsa maambulera. Ndinayamba kuyeserera chamumtima kaitanidwe ka anthu opita ku town.

Koma foni inayamba kulira. Aliyense amene anaseka comment ija anadinadi link, kufuna kuona nkhope ya chitsiru, ndipo nambala anaisunga. Wina kitchen party ku Chawama, wina ukwati ku George. Mvula inafika matenti ali kuntchito, ndipo ba Gift analemba conductor wina. Vuto ndi lakuti dzina la Tembo linafera pamaliro paja. Woimba aliyense amayamba ndi "Ni ba Congratulations?" Ndipo Mubemba akangotsokomola kwambiri, abale ake amandiimbira kuti ndisunge tenti pa mtengo wa mbuya.

Ndinkaganiza kuti nkhaniyi inathera mu Lusaka. Mwezi watha apongozi anga, amayi a amake Dalitso, anadwala kumudzi ku Katete. Ndinatenga foni kuti ndiwapepese monga mkamwini waulemu. Anayankha ndi mawu ofooka, koma omveka bwino.

"Ndani? Atate a Dalitso? Zikomo bambo. Koma ndikali moyo, musafulumire ndi congratulations wanu uja."

Chala chikathamanga kuposa maso, manyazi ndiwo amafika pa number one, website ikadali m'njira.