Achimwene ndi Gubudu Wawo

Lolemba
Chinkhoswe cha mwana wanga Agnesi ndi Loweruka. Akuchimuna ndi a ku Limbe, anthu a mataye. Nkhoswe yathu ndi achimwene anga a Bonifasi, ndipo vuto lagona pamenepo. Kwa iwo munthu sangogwa, amagwa gubudu! Ndikawapempha alankhule ngati anthu ena, mwana asachite manyazi.

Lachiwiri
Avomera. Zoletsedwa: gubudu, phwa, thapsa, chubwi. Tikuyeserera pakhonde. Akuyenda bwino mpaka njinga yamoto ikudutsa. "Wamva? Ya aneba athu a Likaka imati tututu, iyi ikuti pwetepwete, ikudwala." Ndikutchera khutu. Zoonadi ikuti pwetepwete!

Lachitatu
Akundifotokozera mmene mbuzi inagwera m'chitsime kudimba ku Ndunde. Chubwi woyamba ndikuwadzudzula. Wachiwiri ndili pansi, nthiti zikupweteka. Mbuziyo sindinaione, koma ndanyowa nayo. Mulungu anawapatsa pakamwa achimwenewa, ndisaname.

Lachinayi
Ndapsa mtima, ndawauza kuti atichititsa manyazi ngati azitsudzo. Angoyankha kuti: "Chabwino, achemwali." Basi.

Lachisanu
Kuyeserera kwayenda mopanda cholakwa. Mawu ali mumzere ngati mbewu za alangizi. Ndapambana. Nanga bwanji sindikukondwa?

Loweruka
Tambala ndi msoti zasinthanidwa bwinobwino. Achimwene akuimirira, akulankhula monga ndinawaphunzitsira. Anthu zii. Wina akusinza. Kenaka akuimirira atsibweni a mnyamata, taye ili pakhosi, kufotokoza ulendo wawo: minibasi kwiii pa Namadzi, thumba la mpunga phi, iwo m'matope thapsa! Bwalo lonse likufa ndi phwete. Achimwene akungoyang'ana nsapato zawo.
Agnesi akundikokera kuseri, misozi ili m'maso. "Amayi, atsibweni a Bonifasi adwala? Chaka chonse ndakhala ndikuwatama kwa apongozi. Anabwera kudzamva iwowo."

Lamulungu
Titaweruka ku Misa ndapita kukapepesa, nsapato zatsopano zikundiluma. Ndawapempha kuti paukwati adzalankhule mwa kale. Ayankha mwaulemu kuti aganizira. Ulemu umenewu wandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndaononga ndekha, ndivomere.
Ndikutuluka pampanda ndikumva akuuza akazi awo, alamu anga, chapansipansi: "Wamuona mlongo wangayu? Pobwera kwichi, kwichi, kwichi ngati bwana. Pobwerera khwee, khwee."
Ndaima, ndayendanso pang'ono. Khwee, khwee. Sanaphonye.