Njerwa Zanga za Kumwezi

Mawu akuti njerwa zosafuna matope ndinayamba kuwamva kumishoni, kalekale, mutu uno usanaone imvi. Ndinapita kukakonza wailesi ya Ba Fada ena okalamba a ku Ulaya. Za mawailesi palibe anandiphunzitsa, ndinkangotsegula kumbuyo n'kumayang'anitsitsa mpaka waya wodwala adziulule yekha. Wailesi ija italankhula, Ba Fada anakondwa nati, "Fabiano, bwera uone njerwa zosafuna matope." Ine ndinkati tikupita kuuvuni. Ayi ndithu, anangotsegula kabati.

Anthu inu! Pashelefu panali chombo cha mumlengalenga chotalika ngati mkono wanga, chomangidwa ndi tinjerwa tapulasitiki, tina tabuluu, tina totuwa ngati phulusa, kutsogolo kuli kawindo kachikasu koonekera mkati. M'katimo munakhala kamunthu kovala zofiira, chipewa chokuta mutu wonse, chizindikiro cha mwezi pachifuwa, kakumwetulira ngati kamva uthenga wabwino. Ba Fada anati mwana wa mlongo wawo anachiiwala atabwera kudzacheza, ndipo anandilola kuchiphwasula n'kuchimanganso. Kanjerwa kakalowa pa kanzake kankati "tha!" ndipo phokoso limenelo linandilowa m'mutu osatulukanso.

Kenaka ndinayenda, pajatu mapazi angawa sagwirizana ndi khomo limodzi. Kafue, Kabwe, Kitwe, Chipata, mpaka ku Mpulungu ndinakakonzako mawailesi a asodzi. Ba Fada anabwerera kwawo, chombo sindidziwa chinathera kuti, koma kulikonse ndikatseka maso ndinkaona kawindo kachikasu kaja.

Nditabwerera kuno ku Chongwe, zaka zija salaula, zovala zakale zochokera kunja, atangosefukira m'misika, ndinaona Regina. Mayi wamasiye, wamphamvu, woseka ndi thupi lonse, ankazungulira panjinga kugulitsa mkaka wa ku Palabana. Ndinati basi, kuyendayenda kwathera pano. Ndinatuma Ba Sitefano, awa akutafuna nsawa apawa ngati sizikuwakhudza, kuti akandilankhulire kwa amalume ake a Regina, Ba Lazaro. Yankho linabwera lalifupi.

"Uyo munthu ni mphepo. Lelo ali kuno, mailo ali ku Kitwe. Tione njerwa zake mvula ikalibe kugwa, ndiye tizaziba kuti afuna kunkala. Ngati palibe njerwa, palibe Regina."

Mukudziwa mmene zimakhalira kuno, mwamuna wofuna banja amaumba njerwa kwawo kwa mkazi, anthu onse akuona. Komanso panali mphunzitsi wina wa ku Chalimbana amene ankagula mkaka tsiku ndi tsiku chonsecho analibe mwana ngakhale mphaka. Nthawi yozengereza panalibe.

Ndiye ndinakwera minibasi kupita ku tauni ndi cholinga chimodzi chokha, choyera ngati mkaka wa Regina: kukafuna chikombole choumbira njerwa. Ndinanyamulanso wailesi ya kaseti imene ndinakonza, kuti ndikasinthanitse. Kodi pamenepa pali cholakwa? Palibe. Cholakwa chinali njira imene ndinadzera, ya pakati pa salaula. Pamulu wa nsapato ndi zidole zoduka manja panali thumba lotseguka kukamwa, ndipo pamwamba pake, chagada, kakundimwetulira, kamunthu kofiira kaja.

Ndinagwada pafumbi pomwepo, ndinapisa manja onse awiri m'thumbamo, tinjerwa tikuchita waaa m'zala zanga, tabuluu, totuwa, timatayala, timapiko, tiwindo tachikasu osati kamodzi koma tambirimbiri! Mayi wogulitsa anandiyang'ana mwachisoni.

"Atate, ivo ni vosobelesa va bana. Muli na bana bangati?"

"Nilibe, amai."

"Manje?"

"Manje tengani wailesi."

Za chikombole ndinakumbukira minibasi itadutsa kale pa Silverest. Pamenepo mpamene Ba Sitefano anakwera, nadzipanikiza kumpando wakumbuyo, ine ndili kutsogolo, thumba langa lili pansi pa mpando, pakati pathu pali matumba a feteleza ndi nkhuku za anthu. Chimwemwe chinandikanika kusunga, ndinafuula.

"Ba Sitefano! Napeza njerwa!"

"Mwapeza? Zoumba kale?"

"Zoumba kale, za ku Ulaya! Sizifuna simenti, sizifuna matope, mvula siingazichite kanthu. Zabuluu na zotuwa, na mawindo yake yalipo!"

"Na mawindo? Ni zingati?"

"Sizibelengeka! Mungamange, mwapasula, mwamanganso!"

Anthu onse m'minibasi anandiyang'ana mwaulemu. Ndinkati ndiloze pansi pa mpando, koma tinali titafika pamene Ba Sitefano amatsikira, kondakitala akumenya chitseko, ndiye ndinangokuwa pawindo kuti, "Bwelani pa Chiweru muzazione mweka!" Iwo anakweza chipewa m'mwamba n'kuuyamba wothamanga. Ndinadabwa pang'ono kuti bambo wamkulu chotere akuthamangiranji, koma mutu wanga unali m'thumba.

Sabata imeneyo sindinatuluke pakhomo. Ndinayala mphasa pabwalo la kanyumba kamene ndinkakhala, ndinakhuthula thumba lonse, n'kuyamba kusankha ngati mayi wosankha nyemba. Tina tinali ndi zipsera za mano a mwana wina wa kutali amene sindidzamuona, tina titasuluka ndi dzuwa, koma kulira kwake kunali komwe kuja: tha! Ndikamva choncho ndinkamva fungo la kabati ya Ba Fada, la makandulo ndi mabuku akale, ndinkakhalanso Fabiano wopanda imvi. Wailesi za anthu zinangounjikana pakona. Regina anabweretsa mkaka m'kandowa kake, ndinamwa osayang'ana n'kumwamba komwe, kandowako n'kuiwala kubweza.

Loweruka m'mawa chombo chinatha, chachikulu kuposa cha Ba Fada, mapiko anayi, kamunthu kofiira kali pampando wake. Tsopano ndikufunseni, munthu wamanga chombo chotere, angochiika pansi n'kumachiyang'ana? Chimafunika chiuluke! Ndipo woulutsa chombo sayenda mutu uli pamtunda. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaona kandowa ka Regina, ndinakavala kumutu. Kanandikwana ngati anachita kundiyeza, kungoti kanatseka maso ndi makutu, ndinkangoona zala za kumapazi.

Ndinanyamuka. Chombo m'mwamba, ndikuzungulira nyumba, mawu akumveka bwino m'ndowamo ngati wailesi yeniyeni.

"Shwiiii! Vuuuu! Lusaka, Lusaka, munimvela? Tapitilila mitambo! Chongwe yaoneka ing'ono monga nsawa!"

Ndinazungulira kachiwiri, kachitatu, liwiro likuwonjezeka, kenaka pokhota pakona ndinagunda chinthu chofunda, chonyowa, chopuma. Ndinakweza ndowa pang'ono. Mphuno ya ng'ombe.

Kumbuyo kwa ng'ombeyo kunali ngolo. Kumbuyo kwa ngoloyo kunali ngolo inanso. Pambali panaima amuna a mumphakati wathu wa kutchalitchi atapinda malaya, amayi a kwaya atanyamula nkhata zosenzera, Ba Lazaro atavala jekete la pa Sande, Ba Sitefano akumwetulira monyada ngati njerwazo anaumba ndi iwo, Regina, ndi amake Regina. Akuti anabwera akuimba kuchokera kumsewu. Ine m'ndowa sindinamve kanthu.

Mkamwini akaona apongozi amatani? Amagwada. Thupi linakumbukira mwambo mutu usanaganize, ndinabwerera m'mbuyo n'kudzigwetsa pamphasa ndi maondo onse awiri. Pamphasa paja. Pamene panali tinjerwa totsala, timano take tili m'mwamba.

Anzanga, ndinalumidwapo ndi nankalizi ku Kafue, ndinagwidwapo ndi magetsi ku Kitwe, koma ululu wa kanjerwa kamodzi pabondo ulibe mnzake. Ndinalumpha ndikukuwa "Mayo ine!", potera ndinaponda tina ndi phazi losavala, ndinalumphanso, ndowa inavuka n'kugubuduzika mpaka kukaima pamapazi a apongozi.

"Iyo ndowa nayisakila sabata yonse," anatero Regina, motsitsa mawu.

Ba Lazaro sanaseke. Anakonza jekete lawo.

"Ba Fabiano, tabwela kutenga njerwa. Ng'ombe tachita kubweleka, anthu aba basiya nchito zao."

"Baonetseni!" anatero Ba Sitefano. "Zija za mawindo!"

Ndikanatani? Ndinatambasula manja, chombo chili pamenepo. Ng'ombe inkangobzikula. Ba Lazaro anawerama, natola kanjerwa kamodzi kabuluu ndi zala ziwiri, nakayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, nakayandikitsa kudiso.

"Iyi nyumba muzamanga, muzankalamo na mwana wathu, olo ni ya nyelele?"

Apa munthu wanzeru akanakhala chete n'kupepesa. Koma ine, pondifunsa za tinjerwa tanga, ndinaona ngati mwayi wofotokoza wapezeka.

"Atate, iyi si nyumba, ni chombo. Onani aka kamunthu, kamapita kumwezi. Na ine mtima wanga wonse uli pamene apo, kupita kumwezi. Kukamba zoona, pamene mwafika apa, nenze kumwezi."

Mayi wina wa kwaya anatsamwa. Wina anatembenuka n'kuyang'ana kumunda, mapewa akugwedezeka. Amake Regina, amene chiyambire anali asanandilankhulepo, anakokera chitenje kukamwa n'kunong'oneza mwana wawo, koma monong'ona mwa anthu okalamba, momveka mpaka kungolo.

"Bafunse, banayamba liti?"

Ine chitsiru ndinayankha mwaulemu wonse, ndikuwomba m'manja.

"Ninayamba nikali mnyamata, amai. Pakati apa vinaleka zaka zambili, manje vabwelanso na mphamvu. Sabata ino yonse sininachoke pa mphasa."

Kwaya yonse inagwa pansi. Ndikunena kugwa kwenikweni, nkhata zikugubuduzika, wina akumenya nthaka, wina akupempha madzi. Amuna ankayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. Amake Regina anapukuta misozi nati, "Regina, aba bamuna basaikeko mchele mu ndiyo, bazatidwalitsa tonse."

Mchere! Pamenepo mpamene zinandifika. Kupita kumwezi, mawu aja amayi amanena chapansipansi ponena za masiku awo a mwezi ndi mwezi, masiku amene sathira mchere m'ndiwo. Ine, mwamuna wa ndevu, ndinali nditalengeza zimenezo pamaso pa apongozi, amalume, mphakati ndi ng'ombe zobwereka, n'kuwonjezapo kuti zabweranso mwamphamvu. Ndinayang'ana ndowa ija ndi chilakolako chofuna kuivalanso mpaka imfa.

Ba Lazaro anatembenuka kuti azipita, ndipo ndinadziwa kuti mphunzitsi wa ku Chalimbana wapambana. Koma Regina, misozi ya kuseka ili m'masaya, anawagwira mkono wa jekete.

"Malume, imani. Munakamba kuti uyu munthu ni mphepo. Mwamvela mweka, sabata yonse pa mphasa imozi, osayenda kulikonse. Munamuonapo ankala pamalo pamozi so?"

Ba Lazaro anaima. Anandiyang'ana ine, anayang'ana kamunthu kofiira, kamene kankangomwetulirabe kopanda manyazi, kenaka anayang'ana ngolo.

"Izi ng'ombe sizibwelela chabe. Kwelani."

Anandikweza pangolo ngati thumba la chimanga, chombo chili pamiyendo, kwaya ikuimba m'mbuyo, ulendo wa kuchulu choumbirapo njerwa cha kumudzi kwawo kwa Regina. Chikombole anandibwereka Ba Lazaro omwewo. Ndinaponda matope chilimwe chonse mpaka msana unaiwala kuwongoka, uvuni tinaotcha mitambo itayamba kale kuda, ndipo mphunzitsi uja anasiya kumwa mkaka. Nyumba ilipo, mukuidziwa. Mukadzabwera mudzayang'ane pamwamba pa chitseko, pali kanjerwa kabuluu kamene Ba Lazaro anakanikiza okha m'simenti, akuti kuti alendo azidziwa kuti mwini nyumba anayambira pati. Chombo chili pakabati, ndipo Regina akapita ndi mkaka ndimachitsitsa.

Koma ndinalumbira. Mawu akuti njerwa sindiwatchulanso popanda kuonetsa ndi manja kukula kwake, ndipo chinthu chowala chija cha kumwamba ndimangochiti nyali ya usiku. Taonani, ndi icho chasuzumira pamwamba pa mitengo, Regina wayamba kale kuyang'ana kunjira. Ndipatseni chipewa changa, nsawazo mutsirize nokha, ine ndanyamuka.

Kunyumba, Ba Sitefano, osati kunyali ya usikuko. Ndati ndikupita kunyumba! Bwezani patebulo mchere mwabisawo.