Denga la Bambo Gwedeza

Mwambi wa lero, adzukulu anga, chiyambi chake chinali chotere.

Kufupi ndi esiteti ina ya fodya ku Kasungu kunkakhala Bambo Gwedeza, munthu wokonda kuti zinthu zizifanana. Mizere ya m'munda mwawo ankayeza ndi chingwe, ndipo nkhuku yamawanga sinkaloledwa kugona pakhomo pawo. Chaka china anakolola chimanga chambiri, naluka nkhokwe yaikulu. Denga lake analimangira pansi, monga timachitira, kuti anthu adzalinyamule n'kuliveka pamwamba. Amene wanong'ona kuti "denga yake" ndamumva. Timati "denga lake". Tsono mitambo inali itayamba kuda, chimanga chili pamtetete m'nkhokwe yopanda denga.

Atalengeza za ganyu, kunabwera anthu a ku esiteti kuja, ochokera kosiyanasiyana. Kunali Chiukepo wa ku Rumphi, wamtali ngati mlongoti. Che Mbwana a ku Mangochi, aafupi koma ojintcha. Ndi Mayi Fombe a ku Nsanje, ozolowera kusenza mitolo ya bango.

Bambo Gwedeza anawayang'ana, mtima wawo n'kuwawa. Mitu inali yokwera ndi yotsika ngati zulu za m'dambo. Anadula nsungwi yofanana ndi msinkhu wa iwo eni, naiimika pabwalo.

"Ndikufuna anthu a msinkhu umodzi," anatero, "ndipo msinkhu wake ndi uwu."

"Bwana, dengatu ndi losongoka," anatero Che Mbwana. "Wamtali amalowa pakati, aafupife timagwira m'mphepete. Kwathu timatero."

"Kuno si kwanu. Imani apa."

Che Mbwana anaperewera.

"Muwerengereko ndi chipewachi, bwana."

"Chipewa sichinafunsire ntchito. Wina!"

Chiukepo anapyola nsungwi ndi mutu wonse.

"Ndikhoza kuwerama, bwana."

"Wantchito wowerama ndimamudziwa ine. Amaweramuka bwana akangotembenuka. Wina!"

Mayi Fombe anaima pa nsungwi, nafanana nayo ndendende. Bambo Gwedeza anayeza kutsogolo, nayezanso kumbuyo, koma msinkhu sunasinthe.

"Mwakhoza, mayi, koma sindikulembani."

"Chifukwa?"

"Anthu adzati Gwedeza ndi wa msinkhu wa munthu wamkazi."

Pamapeto pake anadziyeza okha, nakhoza, nadzilemba ntchito.

Akazi awo, Nasibeko, anaitanira olepherawo pakhonde, nawapatsa thobwa.

"Abambo a Tiyese," anatero Nasibeko, "mvula ija yafika patsidyapo."

"Ndiye musandichedwetse."

Bambo Gwedeza anakwawira pansi pa denga, naika mutu pakati, nadzuka mobuula. Denga linanyamuka pang'ono, koma linawaphimba thupi lonse, kungotsala mapazi. M'katimo munali mdima.

"Nkhokwe ili kuti?" anafunsa mawu ochokera m'denga.

"Kumanja, bwana," anatero Chiukepo.

"Kumanzere, bwana," anatero Che Mbwana.

Onse awiri ankanena zoona, pakuti anakhala moyang'anana.

"Mayi Fombe, nanga inu mukuti bwanji?"

"Ine sindinalembedwe, bwana. Ndabwera kudzamwa thobwa."

Denga linayamba ulendo. Linadutsa nkhokwe osaima, linagwetsa thandala la mbale, linabalalitsa mbuzi, kenaka mapazi aja analowa m'dzenje la zinyalala. Denga linakhala pansi mwaulemu, n'kuvundikira mwini wake monga dengu livundikira nkhuku yofuna kuletsedwa kufungatira.

Pomwepo mvula inakhuthuka. Inathira m'nkhokwe ngati mumtsuko. Bambo Gwedeza ankaimva bwino ikugunda pa udzu, iwo ali pouma, chifukwa denga analifolera mwaluso ndipo silinkadontha ngakhale pang'ono.

"Ndakulembani nonse!" anafuula. "Msinkhu uliwonse!"

"Ndi chipewa chomwe?" anafunsa Che Mbwana.

"Ndi chipewa chomwe!"

"Nanga munthu wamkazi?" anafunsa Mayi Fombe.



"Iyenso."

Anthu aja anatsiriza kaye thobwa, chifukwa kusiya chakumwa cha mwini nyumba n'kupanda ulemu. Atatero anathamangira pamvula, nawasolola abwana awo m'dzenje. Chiukepo analowa pakati, anzakewo m'mphepete, ndipo denga linakwera pa nkhokwe mosavuta.

Nasibeko anapisa dzanja kunsi kwa nkhokwe, natulutsa chimanga chikuchucha madzi. Chakudya cha chaka chonse chinali chitaviikidwa ngati chimera, ndipo mowa panalibe amene anaufuna. Anachiika m'manja mwa amuna awo, amene malaya awo anali atangoyamba kumene kunyowa, nanena mosakweza mawu:

"Abambo a Tiyese, mutu umodzi susenza denga."