Phala la Nsinjiro ndi Ana Khumi a Kumalaini

Lolemba

A Sisita, mzungu wotiphunzitsa unamwino, atipatsa aliyense kafukufuku wake. Sabata imodzi basi. Lolemba likudzali tikawerenge zomwe tapeza pamaso pa adokotala. Wolephera, sutikesi pamutu, ulendo kwawo. Kwathuko amalume andisungira kale mwamuna, kalaliki wofedwa mkazi, wa ana anayi. Sindilephera ine!

Funso langa: kodi mwana wodya phala lothira nsinjiro amanenepa kuposa wodya phala wamba? Malo: kumalaini, kunyumba za antchito a esiteti ya tiyi, kutsidya kwa mtsinje. Ana khumi. Asanu a nsinjiro ndiwamanga ulusi wofiira pamkono, asanu a phala wamba ulusi woyera.

Zilipo: sikelo ya chipatala, kope, pensulo, chitini cha nsinjiro. Mantha nawonso alipo.

Lachiwiri

Mvula chiyambire mbandakucha, phiri la Chambe osaoneka. Ndifika kumalaini nsapato zili m'manja. Amayi onse ali kotchola tiyi, akapitawo akuti sangawamasule. Ndikhala pakhonde mpaka belu la masana.

Ndiyeza ana, ndimanga ulusi, ndigawa nsinjiro kwa ofiira. Ndifotokoza kawiri m'Chinyanja. Amake Joni, mayi wamtali amene anzake onse amamumvera, abwereza m'Chilomwe. Onse akuvomera ndi mutu. Kenako funso:

"Nanga oyerawa alakwanji?"

Ndikuti sanalakwe, imafuna choncho ndi sayansi.

"A Sayansiwo ali ndi ana?"

Lachitatu

Ana a ulusi wofiira: asanu ndi anayi! Wa ulusi woyera: mmodzi.

Ulusi wowonjezerawo ausolola ku juzi ya akapitawo ili pachingwe. Eni ake sanadziwebe.

Woyera wotsalayo ndi Lute. Amake anali chigonere ndi malungo, nkhani ya juzi sanaimve. Lute sakundisangalatsa. Tsitsi lofiirira, mapazi otupa, pa sikelo salira n'komwe. Anzake akukuwa, iye amangondiyang'ana.

Ndimasula ulusi wonse, ndimanganso motsata kope. Amake Joni akundionerera manja ali m'chiuno. "Mangani, anamwino. Koma poto ndi mmodzi."

Ine usiku tulo osabwera. Chakudya nachonso osalowa.

Lachinayi

Joni wanenepa mapaundi asanu m'masiku awiri! Mtima phaa, ndikuona kale adokotala akuwomba m'manja. Ndiyang'anitsa mwanayo. Ali ndi mano asanu ndi atatu. Joni Lachiwiri anali nawo awiri.

Si Joni! Amake Joni akuti ndi mwana wa achemwali awo.

"Dzulo munachoka nkhope ili gwaa, ndiye tati tikupezereni wonenepa."

Ndifunsa za nsinjiro. Kumene zapita:
zina m'phala la ana a m'kope, ofiira ndi oyera omwe, ndi ena asanu ndi awiri osalembedwa;
zina mu nkhwani;
zina adya azibambo, ati kulawa, poti kukumveka kuti azungu a boma la Chitaganya akuthira mankhwala oletsa kubereka m'zakudya;
zina akapitawo, kulipira juzi.

Azibambowo alawa kanayi. Akuti sanatsimikizebe.

Pobwerera ndikumana ndi mnzanga wa m'kalasi, wa kafukufuku wosamba m'manja. Wamaliza kale, akujambula mizere ndi rula. Ndamulonjera bwinobwino, Mulungu ndi mboni.

Lachisanu

Lute wakwera paundi imodzi. Pa ana onse wakwera ndi iye yekha, yemwe nsinjiro sanazilawe, poti nyumba yawo ili kumapeto ndipo poto amafika atatha. Kope likuti phala wamba lapambana!

Koma ndidina chala pamwendo, chibowo chikutsala. Zikope zatupa. Si mnofu uwu, ndi madzi. A Sisita anatiphunzitsa mwezi wathawu, ine ndinalemba ndi inki yofiira.

Ndikumutsata bwanji ndi sikelo mwana ngati uyu? Ndipempha moto, ndikokota chitini, ndiphika ndekha. Masipuni anayi alowa. Sipuni yachisanu walavula.

Amake akuopa chipatala, akuti amene amapita kumeneko ndi wokafa. Amake Joni awayankhula m'Chilomwe, mawu ochepa, okhwima. Amake Lute avomera, abereka mwana. Ine kutsogolo, mtsinje m'mawondo, sikelo ndaiwala kumalaini.

Ku wodi a Sisita akumugoneka Lute okha. Aona ulusi.

"Gulu liti uyu?"

"Loyera, Sisita."

"Nanga nsinjiro zili pachibwanozi?"

Ndayang'ana pansi. Iwo apitiriza kumufunditsa Lute. Bola akanakalipa!

Loweruka

Tsiku loyeza komaliza. Ndipeza sikelo ikulendewera pamtengo wa mango. Dzulo ayezapo:
nkhuku zitatu,
dengu la chinangwa,
mbuzi ya akapitawo.

Mbuziyo inaphupha. Muvi wa sikelo waima pa mapaundi makumi awiri, sukusunthanso.

Ndiyezabe, ndichitenji. Joni weniweni: makumi awiri. Mnzake Estere: makumi awiri. Kakhanda ka miyezi isanu: makumi awiri. Ndikoloweka nsapato yanga: makumi awiri!

Amake Joni akondwa. "Mwaona? Onse ndi ofanana. Kalembeni."

Sikelo ya chipatala. Ndikanena chiyani? Panjira ndayesa kupeka manambala m'mutu, abwinobwino, okwera pang'onopang'ono. Palibe angadziwe. Ndafika nawo mpaka pachipata, pamenepo andithawa. Dzanja likukana.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Lute wamwa mkaka theka la kapu, ndipo walira! Kulira kwenikweni, wodi yonse yamva. A Sisita akuti tisafulumire kukondwa.

Lipoti ndalemba. Tsamba limodzi. Ndanena za juzi, za mwana wobwereka, za mbuzi. Pa "Zimene ndapeza" ndalemba kuti nsinjiro sindikudziwa ngati zimanenepetsa, koma mayi wa kumalaini sadyetsa mwana wake wa mnzake akuyang'ana. Mawa ziwoneka. Yunifomu ndasita, sutikesi ndapukuta fumbi.

Masana atulukira amayi asanu ndi mmodzi, kudzazonda Lute. Pochoka Amake Joni andikokera kuseri kwa wodi, avundukula mbale. Phala, nsinjiro zochita kuyandama, zogula okha kumsika ku Chitakale.

"Takambirana. Pa anthu onse a kafukufukuyu, amene waonda ndi inu."

Aima pomwepo mpaka ndamaliza.