Kabokosi ka M'chipinda cha Apongozi

Lolemba, 6 Okutobala 2008

Katundu wafika. A Banda, amene amakaoda mafuta ophikira ku Francistown, atsitsa chikwama pageti. Chachokera kwa mwana wathu Esinati. M'katimo muli:
laputopu imodzi
timabokosi tiwiri ta intaneti, akuti marauta, kalikonse ndi tinyanga tiwiri
waya wabuluu wautali
sopo, koma amake Esinati abisa kale.

Nkhani ndi iyi. Esinati wachira ku Botswana komweko, mwana wamkazi. Mwanayo alibe dzina. Womutcha ndi apongozi anga, agogo ake a Esinati, ndipo akuti satcha mwana amene sanamuone. Lamulungu 3 koloko Esinati adzaimba pa laputopu, zoonana nkhope.

Waya wa foni uli pabalaza. Apongozi amakhala m'kanyumba ka kuseri, miyendo inawakana kale. Choncho kabokosi kamodzi pabalaza, kena kuseri. Ine ndidzamuona mwana pabalaza, kenako amake Esinati adzanyamula laputopu mpaka kwa amayi awo, mawu osaduka panjira. Esinati akuti nditipatse dzina limodzi ndi mawu achinsinsi amodzi, laputopu iziganiza kuti ndi kamodzi komweko.

Ndinali wothandiza amagetsi kufakitale ya zitsulo. Izi sizingandikanike.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Magetsi alipo chim'mawa. Kabokosi koyamba kayaka, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Ndakatcha PAKHOMO.

Ndikuyenda ndi laputopu kuona mphamvu yake. Pabalaza timizere tosonyeza mphamvu tikuoneka tonse. Kukhitchini tayamba kuchepa. Pa chingwe choyanikira zovala kamodzi. Pakhomo pa apongozi zii.

Waya wabuluu ndaukhomera m'munsi mwa denga, wadutsa pamwamba pa khola la nkhuku, wafika ndithu pawindo lawo. Ntchito yooneka bwino. Ndaima pamenepo ndi kabokosi kachiwiri m'manja, ndipo ndi pamene ndakumbukira. Soketi ili m'kati. Chikwatire mwana wawo sindinapondemo m'chipinda chimenechi. Mkamwini salowa kwa apongozi. Tikakumana panjira ya kuchimbudzi, mmodzi amasanduka wofuna china chake m'dimba.

Izi Esinati sanaziganizire.

Lachitatu, 8 Okutobala

Alowe ndi amake Esinati. Ine ndaima panja pa windo, nkhope yaloza ku nkhuku, ndikupereka malangizo chofulatira.

Kumbuyo kwa kabokosi kuli mabowo asanu. Limodzi lili palokha, ndipo wayayo asalowe mmenemo. Walowa mmenemo. Ndikuti achotse. Akuti, "Bowo ndi bowo, bambo."

Apongozi akumva zonse, koma sangandilankhule. Akuuza mwana wawo kuti, "Uwafunse bambo a Esinati ngati kanthuka kamatentha." Ndikuuza amake Esinati kuti awauze amayi kuti sikatentha. "Uwauze kuti ndamva." Tonse atatu tili pafupi moti titha kupatsirana mchere.

Waya walowa pabowo loyenera. Nthawi yomweyo magetsi azima.

Lachinayi, 9 Okutobala

Magetsi kulibe tsiku lonse. Madzinso kulibe. Ku Rutendo kuno zinthu ziwirizi zimayendera limodzi ngati mkazi ndi mwamuna.

Ndikuwaphunzitsa amake Esinati kayendedwe ka Lamulungu ndi laputopu yozima. Agwire ndi manja awiri, asatseke chivundikiro, asaime kukalipira nkhuku. Ulendo woyamba aisenza pamutu. Akuti pamutu sipagwa kanthu. Zoona, koma mwana adzangoona mitambo.

A Moyo a pafupi asuzumira pampanda. "Mudhara, mava kufamba neTV?" Akufunsa m'chinenero chawo ngati mdalane ndayamba kuyenda ndi TV. Ndawauza kuti si TV. Akuti akayaka magetsi abweretsa ana awo adzaonere mpira.

Lachisanu, 10 Okutobala

Timabokosi tonse tiwiri tayaka! Dzina limodzi, mawu achinsinsi amodzi, kalikonse pa chanelo yakeyake kuti tisamalimbane.

Koma laputopu ndi yamakani. Ikagwira ka pabalaza siisiya. Amake Esinati afika nayo pa mphasa ya amayi awo, kabokosi kachiwiri kali pamphuno pake penipeni, iyo ikukakamirabe ka kutali kaja ndi kamzere kamodzi kakufa. Sindikuiseka. Nanenso ndimapitabe kugeti la fakitale kukafunsa ngati ng'anjo zimene zinazima kalekale ziyakenso.

Esinati walemba pafoni kuti ndichepetse mphamvu ya koyamba, laputopu itaye mtima msanga. Pochepetsera sindikupaona. Ndapinda tinyanga, ndakavundikira ndi beseni lachitsulo.

Zatheka, pang'ono. Tsopano imasiya ka pabalaza ikafika pa chingwe cha zovala, imakhala kaye duu ngati munthu woiwala chimene wadzera, kenako imagwira ka kuseri. Kaduuko ndi kamene kangadule mawu. Mawa ndikonza.

Amake Esinati akufuna beseni lawo.

Loweruka, 11 Okutobala

Kabokosi ka kuseri kasowa. Laputopu ikadutsa chingwe cha zovala ikungofa.

Ndawatuma amake Esinati akaone. Abwera akuseka mpaka kukhala pansi. Soketi ya kuseri ndi imodzi, ndipo muli wailesi ya apongozi. Kabokosi akakulunga m'chitenje, akatsekera m'sutikesi yachitsulo pamodzi ndi zovala za kutchalitchi.

Ndikuti nanga bwanji. Akuti kamawaphethira akamavala. Mwini wake ndi mkamwini, ndiye kaya akuona nako ndani.

Ndabwereranso pawindo, kufulatiranso. Ndikupempha amake Esinati awafotokozere amayi kuti kalibe maso, ndi timagetsi chabe. Yankho labwera m'chilapalapa cha malemu apongozi aamuna, amene anali a mumgodi: "Aikona," kutanthauza kuti ayi. Kenako m'Chichewa: "Uwauze kuti mwini wake akhale panja, katundu wakenso akhale panja."

Ndayesa kukaika pawindo chakunja. Palibe pomwera magetsi. Ndayenda m'masitolo kufuna waya wowonjezera. M'mashelefu muli tiyi wamasamba ndi mababu a tochi basi.

Mwana alibe dzina, ndipo mawa ndi mawa.

Lamulungu, 12 Okutobala

Magetsi alipo. Laputopu ili patebulo pabalaza, beseni ndachotsa, timizere tonse. Ndavala jekete. Maganizo anga ndi oti ndione kaye mwanayo, za kuseri tidzaona.

Nthawi isanakwane ndikumva nyimbo pabwalo. Amayi anayi a kutchalitchi anyamula mpando, pampandopo pali apongozi, duku latsopano kumutu. Palibe amene wandiuza. Akulowera khomo la kukhitchini, ine ndikutulukira la kumaso, jekete ndi zonse.

Ndakhala pa njerwa pafupi ndi geti. Laputopu yalira. Amake Esinati akufuula pawindo kufunsa podina, ndikuyankha chofulatira. Mawu a Esinati. Kenako kulira kwa khanda, kakang'ono koma kaukali. Nthungululu. A Moyo atulukira ndi ana awo, akuyesa chigoli.

Dzina ndi Yamikani. Ndalimva bwinobwino.

Apongozi sakufulumira kuchoka. Akuimbira mwana, akulangiza Esinati za kasambitsidwe, akufunsa mtengo wa shuga ku Botswana. Pamene mpando ukutuluka, magetsi akuzima. Laputopu ikadali yoyaka ndi batire, koma kabokosi kafa, Esinati wapita.

Waya wabuluu amake Esinati akuti ayanikirapo zovala. Kabokosi kachiwiri kadakali m'sutikesi, ndipo sindingakatenge.

Mwanayo sindinamuone. Onse asanu ndi mmodzi akuti mphuno ndi yanga.